Tambala Wosowa Womuchinja ku Mbayani

Chiyambire ufulu wolankhula, nyuzipepala zachuluka mu Blantyre kuposa owerenga, ndipo zonse zikulemba za anthu omwewo: nduna yakale, nduna yatsopano, ndi nduna yakale imene yasanduka yatsopano. Ine ndikukana kuwonjezera pa mulu umenewo. Ndinaphunzira mbiri yakale zaka zinayi ku Zomba, ndipo chachikulu chimene ndinatolako n'chakuti mbiri yolembedwa ndi ya anthu amene anali ndi alembi. A Magdalena Mulipa a ku Mbayani alibe mlembi. Choncho ndadzipereka ndekha. Amene akuona kuti nkhani ya mayi woweta nkhuku ndi yochepera pepala abwere nayo yake yaikuluyo, tidzaziyeze.

A Magdalena anabadwira ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, kwa makolo amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique atatopa ndi ntchito yokakamiza. Ku Blantyre anafika mu 1974 atakwatiwa ndi a Onesimo, amene ankagwira ntchito pa fakitale ina yoluka nsalu. M'zaka khumi ndi zitatu zoyambirira banjali linasamuka kasanu: Ndirande, Bangwe, Zingwangwa kawiri, kenako Nancholi. A Onesimo ankasamuka ndi wailesi ndi njinga yawo, tsiku lomwelo n'kukhazikika. A Magdalena ankasamuka ndi nkhuku, ndipo nkhuku sizisamuka ngati mipando. Zina zinkasochera pofunafuna khola lakale, zina zinkakumana ndi chitopa cha malo atsopano, zina zinkalowa m'miphika ya anthu amene mayiwa anali asanawadziwe n'komwe mayina. Kasanu konse anayambiranso pa thadzi limodzi. Nditawafunsa ngati sanatope, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Kutopa ndinatopa, achimwene," anatero. "Nanga ndikanaweta chiyani, njinga?"

Mu 1987 anapeza nyumba ya lendi pa ploti ya Che Habibu ku Mbayani. Che Habibu ndi mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, munthu wamtali, wosafulumira kulankhula, amene shedi yake ili kumaso kwa ploti, moyang'ana njira. Akazi awo ndi mayi Zeinabu, koma tonse timawatcha Abiti. Pa plotiyo pali zitseko zitatu za lendi, mpopi umodzi, mtengo waukulu wa mapeyala, ndipo kuseri kuli kamalo kamene eni ake analola a Magdalena kumangapo khola. M'tauni muno malo otere sapezeka kawiri. A Onesimo atamwalira mu 1991, khola limenelo ndilo linatsala ngati ntchito, munda ndi penshoni ya mayiwa. Ankagulitsa mazira ndi nkhuku zachikuda kwa amayi a ku Chemusa ndi kwa antchito a m'maofesi otsika wapansi kupita m'tauni. Mwana wawo mmodzi yekha, Mervis, anakwatiwa ku Bangwe, m'nyumba ya chipinda chimodzi yopanda ngakhale poyanika zovala. Ine ndinalowa chitseko chachitatu kumayambiriro kwa 1994, ndipo zambiri zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso. Zotsalazo anandiuza eni ake.

Pa ploti imeneyi panali lamulo limodzi losalembedwa. A Magdalena ndi Mkatolika wa kolona m'khosi, koma kuyambira tsiku limene anafika, nkhuku yawo iliyonse yopita mumphika inkadutsa kaye m'manja mwa Che Habibu. Iwo ankaiyang'anitsa kumpoto, kutchula dzina la Mulungu, n'kuichinja ndi mpeni wawo umene sunkagwira ntchito ina iliyonse. Chifukwa chake aliyense wokulira m'matauni muno akuchidziwa. Msilamu sadya nyama yosachinja, ndipo imene yafa yokha kapena yofa ndi chibonga amaitcha chibudu, saiyika pakamwa. Nkhuku ikachinjidwa ndi Che Habibu, mbale inkatha kuwoloka bwalo. Pa Khirisimasi inkachokera kwa a Magdalena kupita kwa Abiti, pa Idi inkabwerera ili ndi mpunga ndi mbuzi. Akayambana amayi awiriwa, za mpopi kapena za chingwe choyanikira, mkangano sunkatha ndi mawu. Unkatha ndi mbale.

Tambala anabwera mu 1992 ali wamng'ono, m'dengu pamwamba pa basi ya ku Phalombe. Anakula n'kukhala wakuda bii, mchira wonyezimira ngati wopaka mafuta, ndi minga iwiri yakuthwa kuseri kwa miyendo, yotalika ngati chala cha mwana. Anyamata a m'njira anamutcha Payoniya, poti ankatseka njira ya kumpopi monga ankachitira apayoniya aja ofunsa makhadi a chipani pakhomo la msika. Chisankho cha mu Meyi 1994 chitadutsa, tambala wakuda wa pa mbendera ya chipani atagonja, nthabwala ya ku Mbayani inali yakuti wa a Magdalena yekha ndiye sanamvere wailesi.

Mundimve bwino, sindikuti anali wofatsa. Chimene ndikukana ndi mawu a anthu amene amati anali wamisala. Asanabwere iye, kabawi ankatola anapiye a a Magdalena ngati akutola msonkho, thadzi likaswa khumi, okula anali anayi. Iye atakula, m'zaka ziwiri anatayika atatu okha. Chithunzithunzi chikangodutsa pansi, ankalira kulira kwina kwapakhosi, mathadzi onse n'kulowa pansi pa khola, iye n'kutsala yekha pabwalo, nthenga za m'khosi zitaima. Galu wa pa ploti yoyandikana anabwera kamodzi, sanabwerenso. Akapeza chiswe kapena madeya, ankaitana mathadzi n'kuima pambali mpaka atadya. Ndikufuna wina andiwerengere amuna a ku Mbayani amene amachita zimenezi tsiku lolandira. Vuto la Payoniya silinali nkhanza. Linali lakuti sankasiyanitsa kabawi ndi munthu wopita kukatunga madzi. Wowerenga mita ya madzi anayamba kuwerenga ali kunja kwa mpanda. Che Habibu enieniwo ankapita kuchimbudzi atanyamula chivindikiro cha ndowa ngati chishango, pa ploti yawoyawo, ndipo ankangoseka, chifukwa anali asanatulutsidwe magazi.

Lamulungu lina la mu Ogasiti, a Magdalena ali kutchalitchi, Abiti anawerama pa mpopi kutsuka mpunga. Madzi otayikawo anakoka thadzi la anapiye asanu ndi atatu, ndipo anapiyewo anazungulira mapazi awo. Abiti anagwedeza phazi kuti asawaponde. Mwanapiye mmodzi analira. Payoniya anachokera kuseri kwa khola ngati mwala woponyedwa, n'kuwabaya katumba wa mwendo ndi minga yonse iwiri. Mpunga unamwazika, mathadzi n'kuyamba kudya. Bala silinali lalikulu, koma Abiti amadwala shuga, ndipo kuchipatala anawauza kuti bala lotere likapanda kusamalidwa limatha kutenga mwendo.

Madzulo ake Che Habibu anaitana a Magdalena pakhonde. Abiti anali atakhala pamkeka, mwendo wokulungidwa bandeji atausanjika pa mtondo wogwetsa.

"Amake Mervis," anayamba Che Habibu, "zaka zisanu ndi ziwiri tinayambanapo ine ndi inu?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye sindikufuna tiyambe lero. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Pa ploti pano mwini ndine kapena ndi uyo?"

"Ndinu, Che Habibu. Ndimumanga, sadzayendanso."

"Kumumanga?" Abiti analowerera. "Mumange ndani? Ine ndiye wandimanga, taonani mwendowu! Walahi, sinditsika pakhonde pano mpaka nditatafuna mwendo womwe wandibayawo. Osati kumugulitsa, osati kumutumiza kumudzi kuti akabaye ana a eni. Ndimudye ine."

Che Habibu anadikira kuti akazi awo amalize, kenako anagamula. "Mwamva. Pofika Lachisanu mundipatse tambalayo, ndimuchinje ndekha, muphike, tidyere pamodzi, nkhani ithere mumbale. Zikakanika, mwezi ukatha mufune kwina, inu ndi nkhuku zanu zonse. Sindikuopsezani. Ndikungokuuzani."

Apa ndi pamene ndimatsutsana nawo a Magdalena mpaka lero. Lolemba m'mawa, asanatsegule khola, analowamo n'kumugwira Payoniya mosavuta. Anali m'manja mwawo, Che Habibu ali pa shedi, mtunda woti n'kuitana osakweza mawu. Akanayenda masitepe makumi awiri, nkhani ikanatha kadzutsa asanapse. Koma amayi a mpingo anali atawauza kuti tambala wolusa amachira ukamuchititsa manyazi. Choncho anamupana m'khwapa, mutu wayang'ana kumbuyo, n'kuzungulira naye bwalo katatu mathadzi ake akuonerera. Kenako anamuviika m'ndowa ya madzi ozizira. Ankayembekeza kuti pofika Lachisanu Abiti adzaona tambala wolapa n'kumukhululukira. Iwo amati anali kupempherera chozizwitsa. Ine ndimati anali kuzengereza, ndipo zengerezu analinda kwawukwawu.

Lachiwiri anamumanga mwendo ndi chingwe cha sisalo ku mtengo wa mapeyala. Chakumasana kabawi anatsika. Payoniya anamuona kale, analira, anathamanga, chingwe n'kumugwetsa chafufumimba. Kabawi ananyamuka ndi mwanapiye pamaso pake. A Magdalena anakhala pansi pakhomo pawo, n'kunena mokweza kuti ploti yonse imve, "Mwaonatu! Tsiku limodzi lokha!" Dzuwa lisanalowe tambalayo anali atajompha chingwe mpaka kuduka, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalowenso m'khola. Ankakwera pa denga la bafa, kuchoka apo panthambi, mpaka kunsonga kwa mtengo wa mapeyala kumene ngakhale nsungwi yothyolera zipatso siifika. Mankhwala a amayi a mpingo anamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kusagwidwanso.

Lachitatu a Magdalena anapita kwa Abiti ndi msoti wonona, wabwino koposa m'khola monse, kuti alowe m'malo. Abiti anauyang'ana, n'kuyang'ana bandeji yawo.

"Ameneyu wandilakwira chiyani? Bwererani naye, asisi. Ine sindikufuna ndiwo. Ndikufuna uyo."

Lachinayi a Magdalena sanagulitse dzira ngakhale limodzi. Anayenda Mbayani yense, Chemusa, mpaka ku Chirimba, kufunsa nyumba. Nyumba zinalipo. Akangotchula nkhuku, eni ake ankaseka, wina n'kuwafunsa ngati akufunanso dambo la ng'ombe. Anabwerera fumbi lili m'maondo, ndipo sanakhale pansi. Anasesa bwalo losesa kale. Anawerenga mathadzi, khumi ndi anayi, n'kuwawerenganso. Anaima pansi pa mtengo kuyang'ana m'mwamba mpaka khosi kuwawa, Payoniya ali phee panthambi yake, diso limodzi lili pa iwo. Madzulo amenewo ndi pamene anavomereza mumtima kuti tambala apita. Koma kuvomera kunabwera tambalayo atasiya kugwirika.

Lachisanu anadzuka ndi nzeru ya msampha. Anatenga dengu lalikulu, kulivundikira pansi, mbali imodzi n'kuitukula ndi kamtengo komangirira chingwe, pansi pake n'kuthirapo madeya. Anabisala kuseri kwa chitseko atagwira chingwecho. Mathadzi analowa n'kudya. Payoniya anaima pambali, monga mwa khalidwe lake, kudikira kuti akazi ake akhute. Anathira madeya ena, zinachitikanso chimodzimodzi. Che Habibu anali atanola mpeni m'mawa, n'kuuika pa shelefu ya pakhonde. Anakhoma ndowa imodzi, kutuluka kudzaona, kubwerera, kukhoma ina. Nthawi itapitirira hafu leveni anatseka shedi, anasamba, anavala mkanjo woyera ndi mzuli.

"Ndikupita kumzikiti ku mapemphero a Juma, amake Mervis. Ndikabwera mundiuze chimodzi."

Atangotuluka, a Magdalena anasintha nzeru. Anaganiza kuti ngati tambala salowa m'dengu chifukwa cha madeya, abwera chifukwa cha thadzi. Anakoka chingwe, dengu n'kuvundikira thadzi lija la anapiye. Anapisa dzanja n'kuligwira miyendo kuti lilire. Nzeruyo inagwira kuposa mmene ankafunira. Payoniya sanabwere pansi pamene iwo anatchera dzanja lina kuti amugwire. Anabwera m'mwamba, molunjika kumaso. A Magdalena anataya thadzi, dzanja lawo linagwera pa chikuni chimene chinali pafupi ndi mbaula, ndipo anachikupiza osayang'ana. Ndinamva kulira kwake ndili m'nyumba, ngati munthu waswa chikho. Nditasuzumira pazenera, tambala anali pansi, akuzungulira pa phiko limodzi, mutu utapindikira kumbali.

Woyamba kuzindikira tanthauzo lake anali Abiti. Anadzuka pamkeka ndi mwendo umodzi, atagwira mzati wa khonde.

"Mwamupha? Amake Mervis, mwamupha?"

"Akupuma! Akupumabe!"

"Asafe! Akafa ndi chibudu ameneyo, sindimudya!"

"Ndiye tengani mpeni, Abiti, muchinjeni inuyo, ndamugwira!"

"Ine mkazi? Munaona liti? Thamangani, kawapezeni bambo kumzikiti!"

Ndinafunsapo anthu odziwa mabuku a chipembedzocho, ndipo ena amati mkazi saletsedwa kuchinja. Mwina n'zoona. Koma Abiti sanaonepo mayi awo kapena agogo awo atagwira mpeni umenewo, ndipo munthu sasintha mwambo wa moyo wake wonse ataimirira ndi mwendo umodzi. Tsono onani kukula kwa cholakwa cha a Magdalena. Sabata ili ndi masiku asanu ndi awiri. Pa ola lina lililonse, ku Mbayani ukaponya mwala umagwera mwamuna wodziwa kuchinja: telala, wogulitsa nyama, wokonza mawotchi, woyendetsa minibasi. Pali ola limodzi lokha pamene onsewo amakhala m'nyumba imodzi, atavula nsapato, osatheka kuwaitana. A Magdalena anazengereza masiku anayi n'kudzamenya tambala wawo pa ola limenelo.

Abiti anakulunga mpeni m'nyuzipepala n'kuwaponyera. A Magdalena anausomeka m'chiuno, anakulunga tambala m'chitenje, n'kutuluka opanda nsapato.

Kuchokera pa ploti ya Che Habibu kukafika kumzikiti umene iwo amaswali ndi ulendo wa mphindi khumi kwa munthu woyenda bwino, koma njira za ku Mbayani sizinapangidwire wothamanga. Zimapinda kuseri kwa mabafa, zimadumpha ngalande, zimathera pa mpanda wa munthu n'kuyambiranso mbali ina. Mayi wa zaka makumi asanu anazithamanga zonsezo, dzanja limodzi litachirikiza mutu wa tambala, magazi a pa tsaya pamene munga unawakanda akutsikira m'khosi. Mashedi a atelala anali otseka. Pa butchala panali loko. Pa siteji, oitanira minibasi anaona mchira wakuda ukutuluka m'chitenje.

"Amayi, chipani mukupita nacho kuti? Kuchipatala?"

"Musiyeni apume, masteni, analuza kale ameneyo!"

A Magdalena anangopitirira. Ankamva mtima wa tambala ukugunda pa mkono wawo, mofulumira, kenako kudukiza, kenako mofulumiranso, ndipo ankalankhula naye Chilomwe chimene anali asanalankhule chimwalirire amuna awo, kumuuza kuti apirire pang'ono, angofika.

Pakhomo la mzikiti panali nsapato zokhazokha, mizere mizere mpaka pa masitepe. Mkati shehe anali pakati pa ulaliki. A Magdalena anaima tsidya lina la njira, pansi pa khoma la golosale yotseka. Analingalira zofuula, koma mkazi wachikhristu wopanda mpango kumutu, mpeni uli m'chiuno, angafuule chiyani pakhomo la mzikiti tsiku la Juma? Anafunafuna mwamuna wochedwa amene angamuimitse asanalowe. Mmodzi anabwera akuthamanga, anavula nsapato ali m'njira, n'kulowa mayiwa asanatsegule n'komwe pakamwa. A Magdalena anapita pa mpopi wa panja pamene anthu amatawaza, anatunga madzi m'dzanja n'kudontheza pa mlomo wa tambala. Anamuuzira mpweya m'mphuno. Anayenda kupita ku ngodya ya golosale, kubwerera, kupitanso. Diso la Payoniya linkatseguka theka n'kutsekanso.

Ulaliki unatha. Anamva anthu akuimirira, mapazi akukhwekhwereza pa mikeka pokonza mizere. Swala ya Juma ikafika apo imatsala mphindi zochepa kwambiri. Mawu a shehe atakwera koyamba, tambala anatambasula miyendo yonse iwiri m'chitenje, mwamphamvu, ngati akufuna kubaya komaliza. Kenako analemera. A Magdalena anapisa zala pansi pa phiko. Anasuntha zala. Anasunthanso. Panalibe kanthu.

Zimene zinachitika m'mphindi zotsatirazo anandiuza okha, ndipo sanadzikometsere. Anati anayang'ana uku ndi uku, m'njira munalibe munthu. Tambala anali wofunda ngati wamoyo. Khosi linali lofewa, ndipo akalichirikiza ndi chala pansi pa chitenje mutu unkaima. Che Habibu anali atamva kale kwa zaka ziwiri kuti tambalayu ndi woopsa, sakanadabwa kuona atakulungidwa zolimba, khosi lokha lili panja. Kukanangofunika kunena kuti wakomoka, fulumirani. Mpeni ukanadutsa, mbale ikanawoloka bwalo, Abiti akanatafuna mwendo wawo, ndipo mathadzi khumi ndi anayi akanagona m'khola lawo mwezi wa mawa ndi chaka cha mawa. Anati anakonza ngakhale kagwiridwe kake. Anayeserera kawiri.

Pali anthu ophunzira, ena ndinakhala nawo m'kalasi, amene amati chilungamo ndi chakudya cha okhuta, wosauka sangachikwanitse. Ndimawauza kuti sanaimepo pamene anaima mayiyu.

Anthu anayamba kutuluka, aliyense kufunafuna nsapato zake. Che Habibu anawaona msanga, poti mayi wopanda nsapato, wamagazi pa tsaya, sabisika pakati pa mikanjo yoyera. Anawoloka njira mofulumira.

"Amake Mervis! Mwamugwira?"

"Ndinamumenya ndi chikuni, bambo. Sindinafune. Abiti anati ndithamange."

"Mpeni uli kuti? Bweretsani, tipite kuseri uku, msanga."

A Magdalena anasolola mpeni m'chiuno n'kuwapatsa. Che Habibu anaufunyulula m'nyuzipepala, anapinda manja a mkanjo, n'kutambasula dzanja kuti alandire khosi. Amuna atatu anayi anali ataima kuonerera. Pamenepo mayiwa anachotsa chala chawo pansi pa chitenje, mutu wa tambala n'kugwa, kulendewera.

"Wafa, Che Habibu. Wafera m'manja mwangamu, inu mutangoyamba kuswali. Musamuchinje."

Che Habibu anatsitsa mpeni. Anagwira tambala pachifuwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kumva kufunda kwake. Anayang'ana a Magdalena nthawi yaitali, kenako anakulunganso mpeni m'nyuzipepala, pang'onopang'ono, ngati akukulunga chinthu choti chingasweke.

"Akanali wotentha," anatero. "Mukanakhala chete, ndikanadula."

"Ndikudziwa."

"Magazi akanandiuza. Yakufa siitaya magazi ngati yamoyo. Koma apo mpeni ukanakhala utadutsa kale, dzina la Mulungu nditatchula kale, pamaso pa anthu awa." Anaika mpeni m'thumba la mkanjo. "Tiyeni kunyumba. Nkhaniyi mwini wake ndi wa mwendo uja."

Anabwerera onse awiri, Che Habibu patsogolo, a Magdalena pambuyo. Pa siteji, mayiwa anapereka tambala kwa oitanira minibasi aja, amene anamulandira ndi manja awiri osafunsa za chibudu. Anati sakanamuphika pa ploti pamene miphika imabwerekanabwerekana, ndipo iwo eni pakhosi pakanakana.

Abiti anamva nkhani yonse kwa amuna awo ali pamkeka pomwe paja. A Magdalena analowa m'nyumba mwawo n'kuyamba kutsitsa makatoni amene anakhala pamwamba pa kabati chichokere ku Nancholi. Lamulo linali lomveka: tambala achinjidwe, adyedwe pamodzi. Sanachinjidwe, sanadyedwe. Anapukuta fumbi pa makatoniwo, anakulunga makapu m'nsanza, anatulutsanso, anakulunganso. Panja mathadzi ankayendayenda mobalalika, lililonse kwake.

Cha m'ma folo koloko ndinamva ndodo ikugogoda pansi. Abiti anali atatsika pakhonde. Anawoloka bwalo akutsimphina, dzanja lina litanyamula mbale yovundikira, mpaka pakhomo la a Magdalena, n'kudzigwetsa pa mpando wa pakhomopo.

"Amake Mervis, tulukani. Ndalumbira pachabe chifukwa cha inu, ndiye mundithandize kudya tchimo langali."

M'mbalemo munali zitumbuwa zinayi. A Magdalena anatuluka ndi kapu m'manja, ikadali yokulungidwa m'nsanza.

"Mwendo uja mwapatsa anyamata a minibasi?" anafunsa Abiti.

"Onse awiri."

"Adye, awabaye m'mimba." Ananyema chitumbuwa n'kuwapatsira theka. "Makatoniwo bwezerani pamwamba, akutidetsera ploti. Koma mumve, asisi. Tambala wina akafunika m'khola umo, ndikasankha ndine."